Zokagona ku dziwe la pa phiri la Zomba: akupita ndani, tinyamula chiyani?

Bambo a Shakira: Asalaam aleikum abale, moni nonse. Nkhani ija tinaiyamba pa ukwati ku Koche ndaibweretsa pano kuti tiimalize, chifukwa tikangoisiya ifera m'mazira. Maganizo anga ndi akuti holide ikubwerayi titenge ana, tikwere phiri la Zomba, tikagone usiku uwiri pafupi ndi damu la Chagwa. Osati ku hotela ayi. Matenti athu, moto wathu, nsima yathu. Ndi dziwe laling'ono lomwe lili mkati mwa nkhalango, kupitirira hotela ya Ku Chawe komwe magalimoto ambiri amathera. Usiku kulibe magetsi, kulibe wailesi ya aneba. Amene akufuna ayankhule.

Amalume a ku Malindi: Waaleikum salaam. Mphwanga, ndifunseko. Nyanja tili nayo pakhomo, Malombe ali pompa, Shire akudutsa pansi pa buliji tsiku ndi tsiku. Ndiye tiwotche mafuta mpaka ku Zomba kukaona chithaphwi?

Mayi a Tadala: Kkkkk amalume ayamba.

Bambo a Shakira: Amalume, sitikupita kukayeza kukula kwa madzi. Ana athuwa anabadwira m'chitungu cha Mangochi, sadziwa kuti m'Malawi momwemuno muli malo oti masana dzuwa lili pamutu munthu n'kumafuna juzi. Shakira amaphunzira za mapiri m'buku basi.

Alamu a ku Namwera: Ngati nkhani ndi kuzizira bwerani kwathu kuno, kukwera Chowe kokha mpweya wasintha kale. Ndipo phiri tili nalo lathulathu la Mangochi, pamwamba pake pali mabwinja a linga lomwe Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Ana akaphunzira mbiri ya kwawo, ndalama ya mafuta n'kutsala m'thumba.

Aphunzitsi: Mfundo ya alamuyi ndi yabwino, ndipo ulendo umenewo ndikufuna tidzaupange ndi ana a sukulu. Koma ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Zimene akunena Bambo a Shakira ndi zogona, ndipo pogona pamafunika madzi odalirika pafupi. Chilimwe chikalimba timitsinje tambiri ta m'mapiri athuwa timaphwa. Simungasenze zigubu za anthu onsewa kukwera nazo phiri.

Yamikani: Ine ndikanakonda Mulanje. Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, kenako kukwera mpaka ku nyumba yogona alendo ya Chambe. Kumeneko ndiye kuphiri kwenikweni.

Azakhali: Iwe Yamikani, Mulanje ndi ana a zaka zisanu ndi chimodzi? Kumene anthu amasowa kuja?

Yamikani: Azakhali, amasowa ndi amene amalimbana ndi Sapitwa okha opanda wowalondolera. Sapitwa ndi mamita 3,002, ife sitingafikeko. Komabe ndavomera, kukwera Chambe ndi mwana kumsana ndi chilango. Zomba ndi bwino chifukwa msewu wa tala umakwera mpaka pamwamba, ndiye mwana akadwala usiku chipatala chachikulu chili m'munsi momwemo.

Amalume a ku Malindi: Chabwino, ndipita. Koma ndikupita kukasambira. Ana onse ndikawaphunzitsa m'chithaphwi chanucho, poti kulibe ng'ona kapena mvuu.

Mayi a Tadala: Apa ndiye ndiyankhule ngati nesi, osati ngati mwana wanu, amalume, ndipo mundikhululukire ndilemba zambiri.

Vuto lathu anthu a kunyanja ndi lakuti madzi tinawazolowera, ndiye timaganiza kuti madzi onse ndi amodzi. Nyanja yathu ndi yofunda, pansi ndi mchenga, ndipo m'madooko ambiri kuya kumabwera pang'onopang'ono. Dziwe la pa phiri ndi lozizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Munthu akadumphiramo mwadzidzidzi thupi limadzidzimuka, amakoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi nthawi imeneyo ndiye kuti wamwa. Pakapita mphindi zingapo manja ndi miyendo zimalemera, ngakhale kwa katswiri wopalasa bwato ngati inu. Komanso pansi pa damu pamakhala matope, udzu ndi zitsa za mitengo zosaoneka. Ana aviike mapazi m'mphepete wamkulu ali pambali, basi. Zodumpha ayi.

Chachiwiri ndi chisanu cha usiku. Kuno tili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamwamba pa Zomba malo ambiri ali cha m'ma 1,800, nsonga ya Malumbe imapitirira 2,000. Mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Werengani nokha. Onjezani mphepo, mame ndi chifunga. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga kuposa wamkulu, ndipo choopsa si kunjenjemera, koma akasiya kunjenjemera n'kuyamba kuwodzera ndi kuyankhula zosamveka. Aliyense akhale ndi juzi, jekete, chipewa cha ulusi, sokosi ziwiri, ndi zovala zouma zogona nazo zomangidwa mu jumbo.

Azakhali: Ine ndinyamula mbaula yanga, ndikaiika m'tenti usiku onse. Chisanu chimenecho chikandipeza kuti?

Mayi a Tadala: Azakhali, chonde chonde, chimenecho ndiye chomwe ndimaopa kuposa china chilichonse. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wakupha womwe suoneka komanso sununkha. Munthu amangomva litsipa ndi tulo, n'kugona osadzukanso. Mabanja athunthu amapezeka atafa m'nyumba miyezi ya June ndi July chifukwa cha zomwezi, nanga kuli bwanji m'katenti kotseka zipi? Mbaula ikhale panja, kutali ndi nsalu ya tenti. Ngati mukufuna kufunda, wiritsani madzi, thirani m'botolo lolimba, tsekani bwino, kulungani ndi chitenje n'kuika kumapazi.

Azakhali: Iii, ndamva mwanangu. Botolo ndili nalo.

Amalume a ku Malindi: Za mbaula wanena zoona. Za kusambira tikaonera komweko.

Mayi a Shakira: Amalume, tikaonera konkuno. Mukalowa inu, anyamata onse akutsatirani, mukuwadziwa.

Amalume a ku Malindi: Ndiye ndipite kukatani? Mbedza ndinyamule?

Yamikani: Nsomba za pa phiri si chambo, amalume. Azungu anabweretsa mtundu wina wotchedwa trout womwe umakonda madzi ozizira, n'chifukwa chake pali malo amatchedwa Trout Farm m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Zowedza mufunse kaye a zankhalango ngati amalola. Ndipo damu lalikulu la Mulunguzi lija ndi madzi akumwa a mzinda wonse wa Zomba, musakachapiremo kapena kusambamo.

Amalume a ku Malindi: Basi ndinyamula utaka wanga wouma ndi kampango wowamba. Nsomba yokhala m'madzi oundana singakome.

Che Dalaivala: Tikambe za mayendedwe poti onse mwaiwala. Kuchoka pano kudzera Ulongwe, Liwonde, Machinga, Domasi mpaka Zomba ndi tala, palibe vuto, makilomita opitirira 100. Kukwera phiri mpaka Ku Chawe ndi talanso, koma ndi wokhotakhota, Sienta yodzaza anthu ndi katundu imalira. Kupitirira pamenepo ndi msewu wafumbi wa m'nkhalango, malole onyamula matabwa anaukumba, ndipo galimoto yotsika mimba imagunda pansi. Yanga sindikailowetsa kumeneko, ndinene lero kuti pasadzakhale kudandaula. Pakufunika pikapu imodzi yokwera bwino itenge katundu ndi ana aang'ono. Otsala ayende wapansi. China, mafuta tigule ulendo usanafike, tisadzayambe kusaka pa mzere tsiku lonyamuka.

Alamu a ku Namwera: Pikapu ya fodya ija ilipo, matayala ndasintha mwezi watha. Mungondithandiza dizilo.

Bambo a Shakira: Alamu mwatipulumutsa. Ndiye mwasiya za linga la Jalasi?

Alamu a ku Namwera: Sindinasiye. Ndikupita kwanuko kuti chaka chamawa musadzakane kwathu.

Yamikani: Oyenda wapansi amve izi. Patapata ndi masilipasi zitsale pakhomo. Masamba a paini akauma n'kugwa pansi amaterera zedi, makamaka potsetsereka, ndipo ukagwa umatsetsereka ndi matako mpaka pa chitsa. Nsapato zotseka zokhala ndi mapazi okhakhala. Chikwama cha kumsana, osati chikwama cha m'manja kapena thumba la Shangani. Munthu asanyamule katundu woposa amene angayende naye maola angapo osatula. Njira za m'nkhalangomo zimafanana, ndipo malo amene mitengo yadulidwa posachedwa amasokoneza ngakhale amene anapitako kale, chifukwa chizindikiro chomwe unkadalira umapeza palibe. Titenge gaidi mmodzi mwa amene amapezeka pafupi ndi Ku Chawe, timulipire bwino. Amadziwa njira, amadziwana ndi anthu odula mitengo ndi otola nkhuni, ndipo gulu lomwe lili ndi munthu wa komweko silivutitsidwa wamba. Netiweki imagwira pena, pena ayi, ndiye foni musaidalire. Tochi iliyonse ikhale ndi mabatire apadera.

Mayi a Shakira: Za chitetezo usikuwo bwanji? Ine nkhawa yanga ndi imeneyo, osati chisanu. Tili ndi atsikana.

Bambo a Shakira: Ndikapita ndekha sabata yamawa ku ofesi ya zankhalango ku Zomba. Phiri lonse ndi nkhalango yotetezedwa, sitingangofika n'kukhoma tenti ngati pa munda wathu. Ndikafunsa ngati pa Chagwa amalola kugona, malipiro ake, komanso ngati tingapeze mlonda wa usiku. Akakana, pali malo ogona a matenti ovomerezeka kufupi ndi Trout Farm, ndiye ku dziweko tizikapita masana n'kubwerako. Sindikufuna tikakangane ndi alonda a nkhalango ana akuona.

Mayi a Shakira: Mukafunsenso za chimbudzi.

Yamikani: Pa dziwe palibe chimbudzi, alamu. Khasu laling'ono, dzenje kutali ndi madzi, mayadi osachepera makumi asanu ndi limodzi, komanso kumunsi kwa malo otungira. Tikazinga ndi zitenje ziwiri, kwa amayi kwina kwa abambo kwina. Aliyense akamaliza akwirire ndi dothi. Mathewera a ana, mabotolo ndi majumbo tibwerera nazo, osakwirira, anyani amafukula.

Azakhali: Anyani alikonso?

Yamikani: Ambiri, ndipo ndi akuba odziwa ntchito. Buledi ukasiya pa mkeka n'kutembenuka wapita. Chakudya chonse m'ndowa zotseka kapena m'pikapu. Ana asawaponyere nthochi, akazolowera amayamba kulanda m'manja.

Mayi a Tadala: Poti mwatchula madzi otunga. Ndikudziwa wina anena kuti madzi a pa phiri ndi oyera, amachokera pa kasupe. Kumtunda kwa mtsinje kumadutsa anthu, kumamwa nyama. Kolera ya 2022 mpaka 2023 tinaiona ndi maso athu, boma lathu lino linali limodzi mwa omwe anavutika kwambiri, sindikufuna kuyambiranso. Madzi akumwa tiwiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena tithire WaterGuard n'kudikira theka la ola. Ine ndinyamula Thanzi ORS, panado, mabandeji, mankhwala otsukira bala ndi thonje. Amene amamwa mankhwala a BP, a shuga, a mphumu kapena ma ARV anyamule okwanira ndi owonjezera a tsiku limodzi. A mphumu makamaka, mpweya wozizira umaidzutsa. Ndipo mwana amene watentha thupi m'sabata yonyamukayo akayezetse malungo tisanapite. Pamwambapo udzudzu ndi wochepa, koma malungo ochokera nawo kuno akhoza kukamugwetsera komweko.

Aphunzitsi: Tsiku lake ndi liti kodi? Ine ndimaganiza holide ya 6 July.

Yamikani: July ndi chiperoni, aphunzitsi. Chifunga chikatsika simuona ngakhale tenti ya mnzanu, kamvula kowaza tsiku lonse, nkhuni zonse zonyowa. Kwa anthu oyamba kumene ndi kuwalanga.

Che Dalaivala: Ndiye 15 October, tsiku la anakubala. Tikawasangalatse amayi.

Alamu a ku Namwera: October udzu wauma, moto wolusa uli ponseponse m'mapiri, ndipo paini akagwira moto sazimitsika. Utsi umatsekanso kutali, mukafika pa malo oonera patali a Emperor's View simukaona nyanja ya Chilwa kapena phiri la Mulanje, mukangoona mbuu. Komanso ine nthawi imeneyo ndili ku nazale ya fodya.

Bambo a Shakira: Ndiye August, sukulu zitatseka.

Azakhali: August? Mwaiwala kuti anyamata awiri a kwa achemwali akulowa ku ndagala chaka chino? Mukufuna tsiku lotuluka anamwali pakhomo pakhale popanda amalume awo? Anthu adzatiseka mudzi wonse, adzati anathawa zovala za anamwali n'kukabisala kuphiri.

Amalume a ku Malindi: Apa achemwali anena. Jando ndiye patsogolo, phiri silithawa.

Bambo a Shakira: Zoona azakhali. Ndiye tiike sabata yotsatira anamwali akatuluka, sukulu zisanatsegulidwe. Kumapeto kwa August kapena kumayambiriro kwa September. Chisanu chimakhala chitachepa, moto usanafike poipa. Azakhali mutiuze tsiku akangolengeza.

Che Dalaivala: Tinyamuke Lachisanu tikatuluka ku Jumu'a.

Yamikani: Mukanyamuka 2 koloko masana mukafika pamwamba dzuwa likulowa, ndiye mukakhoma matenti ndi tochi pakamwa, ana akulira njala. Kuphiri mdima umabwera msanga chifukwa cha mitengo. Tinyamuke m'mawa, Jumu'a mukaswalire ku Zomba, mzikiti waukulu uli m'tauni pafupi ndi msika. Amayi nthawi imeneyo azikagula tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere, kumeneko n'zotchipa kuposa kuno.

Che Dalaivala: Mwana uyu sukulu ikumuthandiza.

Aphunzitsi: Ife a tchalitchi Lamulungu tikapemphera pomwepo m'mawa tisanapasule matenti, palibe vuto. Koma pali nkhani ina imene tonse tikuizemba. Anzathu awiri aja a ku Monkey Bay akufuna kubwera, ndipo afunsa ngati angatenge kabokosi ka zakumwa zawo.

Azakhali: Mowa? Pamaso pa ana ndi Hajji?

Aphunzitsi: N'chifukwa ndafunsa pagulu, azakhali, kuti zisadzatulukire komweko.

Mayi a Tadala: Ine ndingowonjezera kuti zoti mowa umafunditsa ndi bodza. Munthu amamva kutentha pakhungu pomwe thupi likutaya kutentha msanga. Kuphatikiza mdima, dziwe ndi maphompho, ine ndikuti ayi.

Bambo a Shakira: Aphunzitsi, muwauze mwaulemu kuti ulendo uno ndi wa ana, ukhale wouma. Ndi abale athu, amadya nafe Eid, ifenso timadya nawo Khrisimasi, amvetsa. Za nyama, mbuzi tigula yozinga Chisilamu kuti mphika ukhale umodzi, tonse tidye pamodzi.

Aphunzitsi: Ndawauza. Mmodzi wavomera, wina akuti aganizire.

Amalume a ku Malindi: Ine funso langa ndi la wudhu, kusamba kokonzekera swala ya m'bandakucha. Madzi amene akuti amaumitsa manja aja?

Mayi a Shakira: Tikawiritsa usiku n'kusunga m'fulasiki, amalume. Ndili nazo ziwiri zazikulu, ina ya tiyi ina yanu.

Amalume a ku Malindi: Mphwanga anakwatira bwino.

Alamu a ku Namwera: Zophikira bwanji? Ndiponye thumba la makala m'pikapu?

Che Dalaivala: Thumba lathunthu mukalisiya pa rodibuloko. Makala opanda chilolezo amalanda, ndipo kulowa nawo m'nkhalango yotetezedwa ndi kudziitanira mafunso.

Aphunzitsi: Ndili ndi kasilinda ka gasi ka makilogalamu 6, n'kokwanira tiyi, phala ndi ndiwo. Nsima ya anthu ambiri chonchi ndiye imafuna moto weniweni. Tikafunse gaidi komwe amalola kusonkha, titole nkhuni zogwa zokha, chikwanje chisakhudze mtengo wamoyo. Pamalopo tipale masamba onse mpaka dothi lioneke, tizungulize miyala, ndowa ya madzi ikhale pambali. Pogona tithire madzi mpaka phulusa lizizire loti n'kuligwira ndi dzanja.

Mayi a Shakira: Ndipo tisapange ngati tikupita ku chinkhoswe. Mpunga wa tsiku loyamba tiphikire kuno. Ufa, mafuta, mchere, anyezi, usipa, nyemba zophikaphika, mtedza wokazinga, mbatata, masamba a tiyi, shuga ndi mkaka wa ufa. Mapoto awiri aakulu, mthiko, chipande. Mbale aliyense yake. Ndipo abambo amve bwino: ife sitikupita kukakhala pa mafuwa inu mukujambulitsa pa Queen's View. Kutunga madzi ndi kutsuka mbale ndi kwanu.

Mayi a Tadala: Lembani zimenezo ndi zilembo zazikulu.

Alamu a ku Namwera: Ine ndapereka pikapu, mundichotse pa mbale.

Mayi a Shakira: Pikapu sidya nsima, alamu. Mudya ndinu.

Azakhali: Tsono agogo anu amva nkhaniyi ndipo akuti nawonso akupita. Akuti pa utsikana wawo anapitako ku Zomba ikadali likulu la dziko, koma phirilo ankangoliona m'munsi.

Mayi a Tadala: Iii. Ndi miyendo ija komanso BP? Kugona pansi pozizira ayi ndithu.

Bambo a Shakira: Koma kuwakaniza kwatunthu n'kovuta. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndiye onani zaka zimene akhala akulilakalaka phirilo.

Yamikani: Pali njira. Akagone m'tauni kwa achemwali a ku Matawale, Loweruka m'mawa alamu akawatenge pa pikapu, akhale kutsogolo. Akaone dziwe, akadye nafe nkhomaliro, tikawafikitse pa Emperor's View pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, dzuwa lisanapendeke abwerere kumunsi. M'njira akagule sitiroberi ndi mabulosi amene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu.

Mayi a Tadala: Zimenezo ndavomera, bola avale zofunda ndipo mankhwala akhale m'chikwama changa.

Azakhali: Ndawauza. Akuti nanga ku Chingwe's Hole, dzenje lomwe amati kale ankaponyamo anthu?

Yamikani: Lili mbali ina ya phiri, kumadzulo, msewu wake ndi wautali komanso woipa. Kumeneko ndi kumene umaona chigwa cha Shire yathu yomweyi ikutsika kuchokera kuno. Tikaona mmene pikapu ikuchitira, koma ana pafupi ndi dzenjelo agwidwe pamkono.

Che Dalaivala: Matenti alipo angati? Tikukamba zambiri koma pogona sitinawerenge.

Aphunzitsi: Anga awiri, lina la anthu anayi lina la awiri. Yamikani akuti abwereka limodzi kwa anzake a ku yunivesite.

Alamu a ku Namwera: Malona a fodya ndili nawo, ena oyala pansi ena ofunditsa pamwamba.

Yamikani: Oyala pansiwo ndi ofunika kuposa mmene mukuganizira. Chisanu chambiri chimalowera pansi, osati pamwamba. Lona, kenako mkeka kapena makatoni, kenako bulangete, ndiye munthu. Tenti tikhome pokwera pang'ono, osati m'mphepete mwenimweni mwa dziwe pomwe mame ndi mphepo yozizira zimasonkhana, komanso osati pansi pa mtengo wouma.

Bambo a Shakira: Ndiye matenti atatu sakwana. Mpaka pano ndawerenga akuluakulu khumi ndi mmodzi, ana asanu ndi atatu. Amene ali ndi mnzake wa tenti abwereke. Za msonkhamsonkha ndilemba ndikabwera ku Zomba nditadziwa malipiro enieni, ndipo ndalama zizipita kwa Mayi a Tadala pa Airtel Money kapena Mpamba, osati kwa ine.

Amalume a ku Malindi: Bwanji osati kwa ine?

Azakhali: Inu mukagula ukonde.

Amalume a ku Malindi: Kkkkk chabwino. Mundilembe, ine ndi anyamata anga awiri. Koma kabudula wosambira ndinyamula, mundiletsere komweko.

Mayi a Tadala: Mayi a Shakira, chikwama cha amalume muchisecheko tisanakwere galimoto.

Che Dalaivala: Bambo a Shakira, mukupita liti ku Zomba? Lachiwiri ndili ndi ulendo wa ku Liwonde, ndikhoza kukusiyani pa siteji.

Bambo a Shakira: Lachiwiri lomwelo. Mundipeze pa raundabauti 6 koloko.